Nkhoswe za Olamula: Oyera Amene Timawapempha Kuti Apempherere Atsogoleri Athu



Lamulungu lililonse pa Misa, ikakwana nthawi ya mapemphero a Akhristu, pamakhala wina woimirira n'kupempherera atsogoleri a dziko lino. Timayankha tonse pamodzi, kenaka n'kupita ku pemphero lotsatira. Tinazolowera mwakuti ambiri sitidzifunsanso kuti kwenikweni tikuwapemphera chiyani anthuwa. Kodi ndi moyo wautali? Kodi ndi kupambana pa chisankho? Lero ndikufuna tiganizire funso limeneli poyang'ana oyera amene Mpingo umawatchula kuti ndi nkhoswe za mafumu ndi anthu andale. Tiona kuti kupempha oyera n'kutani, oyerawo ndani, ndiponso kuti pemphero lotere likutanthauza chiyani kwa ife okhala kuno ku Mwanza.

Kupempha oyera n'kutani

Tiyambe ndi pamene abale athu a mipingo ina amatifunsa kawirikawiri. Mkatolika amapembedza Mulungu yekha. Oyera timawalemekeza, ndipo timawapempha kuti atipempherere, monga momwe mayi amene mwana wake wagonekedwa m'chipatala amapemphera anzake a m'limana kapena mumphakati kuti amukumbuke m'mapemphero. Palibe amene amati mayiyo wanyoza Khristu popempha anzake. Chikhulupiriro chathu n'chakuti imfa sidula ubale wa anthu obatizidwa. Amene anatsogola ndipo ali pamaso pa Mulungu akadali abale athu, ndipo chikondi chawo pa ife sichinathe.

Kalata yoyamba kwa Timoteo, mutu 2, imaphunzitsa kuti mkhalapakati wa Mulungu ndi anthu ndi mmodzi, Yesu Khristu. Koma mutu womwewo umayamba n'kulamula Akhristu kuti azipempherera anthu onse, n'kutchula mafumu ndi onse audindo. Choncho kupemphererana sikulanda malo a Khristu. Pemphero la woyera, monganso langa ndi lanu, limadzera mwa Iye. Buku la Chivumbulutso, mutu 5 ndi mutu 8, limaonetsa mapemphero a anthu a Mulungu akuperekedwa kumwamba pamaso pa mpando wake. Msonkhano wa Trent unatsimikiza mu 1563 kuti kupempha oyera n'chinthu chabwino ndi chothandiza, ndipo Msonkhano Wachiwiri wa Vatican unabwereza chiphunzitsochi mu 1964.

Tisaiwalenso kuti mafumu amene Akhristu oyamba anauzidwa kuti aziwapempherera sanali Akhristu, ndipo ena mwa iwo ankazunza Mpingo. Kupempherera mtsogoleri sikudikira kuti akhale wa chipani chathu, wa mtundu wathu kapena wa mpingo wathu.

Aliyense amene ali pabanja akudziwa ntchito ya ankhoswe. Amakuyankhulira zinthu zikavuta, koma ukalakwa amakukhazika pansi n'kukuuza mosapsatira kuti apa walakwa. Mtsogoleri amene akusankha woyera kuti akhale nkhoswe yake adziwe kuti watenga womupempherera amenenso moyo wake udzakhala ukumudzudzula.

Oyera amene anakhala pampando

Oyera oyang'anira olamula tingawagawe pawiri. Gulu loyamba ndi la amene anali mafumu enieni. Alipo angapo: Edward wa ku England amene anamwalira mu 1066, Henry II wa ku Germany amene anamwalira mu 1024, Stephen wa ku Hungary amene anamwalira mu 1038, ndi Margaret, mfumukazi ya ku Scotland, amene anamwalira mu 1093. Koma ndikhazikika pa ena awiri.

Woyamba ndi Louis IX, mfumu ya France. Tisamusokoneze ndi Louis-Marie de Montfort, amene ansembe a chipani chake anafika ku Nzama mu 1901. Ameneyo anali wansembe ndipo anakhala zaka mazana ambiri pambuyo pake. Louis IX analowa ufumu mu 1226 ali ndi zaka 12, ndipo analamula mpaka 1270. Mnzake Jean de Joinville, amene analemba mbiri yake, anafotokoza kuti mfumuyi ikatuluka ku Misa inkakakhala patsinde pa mtengo ku Vincennes, ndipo aliyense wokhala ndi dandaulo ankafika pomwepo popanda womutsekereza. Mafumu athu muli pano mukuidziwa bwino ntchito imeneyi, chifukwa ndi imene mumagwira pabwalo.

Koma chimene chimandigwira mtima kwambiri n'chimene anachita mu 1247. Anatuma anthu, ambiri mwa iwo amonke a chipani cha Francis ndi cha Dominic, kuti ayendere dziko lonse akufunsa anthu wamba ngati pali chimene akuluakulu a boma anawalanda mopanda chilungamo, kuti chibwezedwe. Taganizirani: mfumu ikufufuza boma lake lomwe, osadikira kuti wina ayambe waikakamiza. Inamanganso ku Paris nyumba yosamaliramo akhungu 300, ndipo inkadyetsa osauka ndi manja ake.

Sitibisa kuti Louis anali ndi zolakwa zazikulu za nthawi yake. Anatsogolera nkhondo ziwiri zolimbana ndi Asilamu, anagwidwa ku Egypt mu 1250, ndipo anafera pafupi ndi Tunis mu 1270. Malamulo ake anapondereza Ayuda. Mpingo wa lero sutiuza kuti titengere zimenezo. Pomutchula woyera mu 1297, unaona munthu amene ankadziwa kuti pamwamba pa mpando wake pali mpando wina umene adzakayankheko. Tsiku lake ndi 25 Ogasiti.

Wachiwiri ndi Elizabeth, mfumukazi ya Portugal, amene anabadwa mu 1271. Mwamuna wake, Mfumu Denis, anayambana ndi mwana wawo Afonso mpaka aliyense anasonkhanitsa asilikali. Mu 1323, magulu awiriwa atayang'anizana pamalo otchedwa Alvalade, mayiyu anakwera bulu n'kukalowa pakati pawo, ndipo nkhondo sinamenyedwe. Mu 1336, ali wokalamba, anayendanso ulendo wautali kupita ku Estremoz kuti akaletse nkhondo pakati pa mwana wake yemweyo ndi mfumu ya Castile. Anadwalira komweko n'kumwalira pa 4 Julayi, lomwe ndi tsiku lake mpaka lero.

Ife a kumalire kuno sitifunika kuuzidwa kufunika kwa munthu wolowa pakati. Akuluakulu akukumbukira abale athu a ku Mozambique amene anawoloka malire kuthawa nkhondo ya pachiweniweni m'zaka za m'ma 1980, n'kudzakhala pakati pathu. Nkhondo imeneyo inatha ndi pangano limene linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo pakati pa oyanjanitsa panali Akhristu a gulu la Sant'Egidio ndi Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira. Ntchito imene Elizabeth anagwira ikufunikabe, m'maiko ndi m'midzi momwe, makamaka pa mikangano ya ufumu imene imagawa banja limodzi.

Oyera amene anaima pambali pa mpando

Gulu lachiwiri ndi la anthu amene sanali mafumu, koma ankatumikira mafumu, ndipo itafika nthawi anawauza kuti ayi.

Pa 31 Okutobala 2000, Papa John Paul II, yemwe uja anacheza m'dziko muno mu Meyi 1989, analengeza kuti Thomas More ndiye nkhoswe ya atsogoleri a maboma ndi anthu andale. Papayo akanatha kusankha mfumu yopambana nkhondo kapena yomanga mizinda. Anasankha munthu amene anatula pansi udindo, n'kuphedwa ndi bwana wake.

More anabadwira ku London mu 1478. Anali loya, bambo wa ana, sipikala wa Nyumba ya Malamulo mu 1523, ndipo mu 1529 Mfumu Henry VIII inamupatsa udindo waukulu kwambiri pa za malamulo m'dziko la England. Mkamwini wake William Roper analemba kuti anthu okhala ndi milandu akamubweretsera mphatso zamtengo wapatali, More ankazibweza. Nayenso anali ndi mbali yowawa: anachitira nkhanza anthu amene ankatsutsa chiphunzitso cha Mpingo, monga ankachitira maboma a nthawi imeneyo.

Vuto linabuka pamene mfumu inafuna kusiya mkazi wake Catherine kuti ikwatire Anne Boleyn, ndipo Papa wa nthawiyo atakana, inafuna kudziika kukhala mutu wa Mpingo ku England. More sanachite chiwawa, sanasonkhanitse gulu loukira. Anatula pansi udindo mu 1532 n'kubwerera kwawo. Mu 1534 anamuitana kuti adzalumbire kuvomereza zimene mfumu inachita, ndipo anakana. Anamutsekera m'ndende ya Tower of London kwa miyezi yoposa 14. Mwana wake wamkazi Margaret, amene ankamukonda kwambiri, anapita kukamuchonderera kuti angolumbira ndi pakamwa kuti apulumuke, popeza akuluakulu ambiri, ngakhale maepiskopi, anali atalumbira kale. Iye anakana, poona kuti lumbiro ndi mawu amene munthu amauza Mulungu. Anamuweruza pa umboni wa munthu mmodzi, Richard Rich, umene More anautsutsa kuti ndi wabodza, ndipo anamudula mutu pa 6 Julayi 1535. Asanafe anauza anthu kuti akufa ali mtumiki wabwino wa mfumu, koma kuti Mulungu ndiye woyamba. Anatchulidwa woyera mu 1935 pamodzi ndi Episkopi John Fisher, ndipo tsiku lawo ndi 22 Juni.

Kuno ku Africa tili ndi wathu. Joseph Mukasa Balikuddembe anali woyang'anira anyamata otumikira kunyumba ya Kabaka Mwanga II wa ku Buganda, ndipo mfumuyo inkamudalira. Mu Okutobala 1885, James Hannington, episkopi wa mpingo wa Anglican, anaphedwa molamulidwa ndi Mwanga. Joseph, yemwe anali Mkatolika, anapita kwa mfumu n'kuidzudzula pa imfa ya munthu wa mpingo wina. Ankatetezanso anyamata aang'ono ku zilakolako zoipa za mfumuyo. Pa 15 Novembala 1885 anamudula mutu n'kutentha thupi lake ku Nakivubo, ali mnyamata wa zaka za m'ma 20. Asanaphedwe anatumiza uthenga kwa Mwanga wakuti wamukhululukira, koma alape. Iye ndiye woyamba mwa Akatolika 22 ofera chikhulupiriro ku Uganda, amene Papa Paul VI anawatchula oyera pa 18 Okutobala 1964, ndipo Akhristu a kumeneko amamutenga ngati nkhoswe ya mafumu ndi andale.

Onani zinthu ziwiri zimene zinali mu uthenga wake womaliza: kukhululuka ndi kuitanira kulapa. Pemphero lathu la atsogoleri liyenera kunyamula zonse ziwiri.

Zimene boma lino linaona

Abale anga, nkhani zimenezi sizili kutali ndi ife. Dzina la Mwanza limadziwika m'dziko lonse chifukwa cha manachesi ndi msewu wa ku Tete, koma limadziwikanso chifukwa cha zimene zinachitika ku Thambani. Mu Meyi 1983, a Dick Matenje, mlembi wamkulu wa chipani cholamula, a Aaron Gadama, nduna ya chigawo chapakati, a Twaibu Sangala, nduna ya zaumoyo, ndi a David Chiwanga, phungu wa ku Chikwawa, anapezeka atafa m'boma lino. Boma linalengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Kwa zaka 11 anthu ankangonong'onezana. Mu 1994 kunakhazikitsidwa komiti yofufuza yotsogoleredwa ndi Jaji Mtegha, ndipo inapeza kuti anthuwa anachita kuphedwa ndi apolisi, ngoziyo inali yongokonza. Mu 1995 Dr. Hastings Kamuzu Banda, a John Tembo ndi ena anazengedwa mlandu wokonza chiwembucho, ndipo mu Disembala chaka chomwecho khoti linawapeza osalakwa.

Sindinaime pano kuti ndizengenso mlandu umene khoti linagamula, ndiponso sindikutchula anthu anayiwa kuti ndi oyera. Chimene ndikufuna tione n'chakuti ntchito yoipa ngati imeneyi sichitika ndi dzanja limodzi. Pamakhala wogwira anthu, woyendetsa galimoto, wosunga makiyi a ndende, wolemba lipoti, wowerenga chilengezo. Aliyense wa iwo anali ndi chikumbumtima, ndipo aliyense anali ndi mantha, chifukwa kukana masiku amenewo kunali kuika moyo wako ndi wa ana ako pachiswe. Sitikuwaweruza mopepuka. Koma apa m'pamene tikuona chifukwa chake Mpingo unasankha Thomas More ndi Joseph Mukasa. Dziko limaonongeka pamene m'nyumba ya mfumu mwasowa munthu mmodzi wotha kunena kuti ichi sindichita.

Dziko lathu linaonanso zimene zimachitika munthu woteroyo akapezeka. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi athu, motsogozedwa ndi Arkiepiskopi James Chiona wa arkidayosizi yathu ino ya Blantyre. Inanena za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za mavuto a sukulu ndi zipatala, za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndi za mantha amene anatseka anthu pakamwa. Maepiskopi anaitanidwa ndi apolisi, kalatayo inaletsedwa, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Koma pa 14 Juni 1993 Amalawi anaponya voti kusankha ndale za zipani zambiri. Maepiskopi amenewo ankapempherera mtsogoleri wa dziko pa Misa, ndipo ndi omwewo amene anamuuza zoona. Ziwirizi sizitsutsana.

Tipemphe chiyani

Ndiye tikagwada kupempha oyerawa, tiwapemphe chiyani?

Kudzera mwa Louis, tipemphere atsogoleri athu khutu lomva munthu wosauka, ndi mtima wolola kufufuzidwa. Malamulo aakulu a dziko lino, mu gawo 12, amanena kuti mphamvu zolamulira zimachokera kwa anthu, ndipo wozigwiritsa ntchito anangosungitsidwa. Wosungitsidwa chinthu sakwiya mwini wake akafunsa kuti chili bwanji. Phungu kapena khansala akafunsidwa za ndalama za chitukuko, kapena mfumu ikafunsidwa mmene mayina a olandira thandizo analembedwera, kuyankha mofatsa ndi gawo la udindo. Paja akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya.

Kudzera mwa Elizabeth, tipemphere anthu olimba mtima olowa pakati pamene abale akulimbirana mpando kapena malire a munda, ndiponso pa nthawi ya kampeni pamene achinyamata athu amapatsidwa mowa ndi ndalama kuti akagende anzawo.

Kudzera mwa Thomas More ndi Joseph Mukasa, tipemphere chikumbumtima chosagulika. Pempheroli si la pulezidenti ndi nduna zokha. Ndi la nyakwawa imene yalandira mbuzi usiku kuchokera kwa mmodzi mwa anthu amene mawa akubwera pabwalo. Ndi la wogwira ntchito kumalire amene dalaivala wamuonetsa ndalama kuti asayang'ane katundu. Ndi la kalaliki amene bwana wamuuza kuti asinthe manambala, la mphunzitsi wamkulu, la msungichuma wa komiti ya pamjigo, ndi la tcheyamani wa tchalitchi. Aliyense amene wagwira kiyi, chidindo kapena buku la anthu ena ndi wolamula pamalo pakepo.

Palinso zimene sitiyenera kupempha. Tisasandutse oyera kukhala a chipani. Munthu amene akuchita novena kuti wopikisana naye agwe m'mavuto sakupemphera, akutemberera. Ndipo mtsogoleri amene akubwera ndi mphatso yaikulu kutchalitchi tsiku la nkhoswe ya parishi, pamene ndalamazo wazitenga pamalo osayenera, adziwe kuti woyera amene ankabweza mphatso za anthu a milandu sangakondwere nayo.

Pemphero limamanganso wopempherayo. Sitingapemphe Thomas More kuti atipatse atsogoleri okana ziphuphu pamene ife ndife oyamba kuzipereka, kapena pamene voti yathu timaigulitsa ndi nsalu ndi paketi ya shuga. Sitingapemphe Joseph Mukasa kuti atipatse anthu onena zoona pamene wonena zoona akachotsedwa ntchito ife timamuseka kuti anapusa. Banja la More linalandidwa chuma chake iye atamangidwa. Ngati m'mudzi mwathu kapena mu ofesi yathu wina wavutika chifukwa chokana choipa, Akhristu anzake ndiwo ayenera kukhala oyamba kumuyendera ndi kuthandiza ana ake.

Ndikusiyirani zinthu zitatu zoti tichite. Choyamba, masiku a oyerawa tiwaike pa kalendala ya malimana athu: 3 Juni ofera chikhulupiriro a ku Uganda, 22 Juni Thomas More, 4 Julayi Elizabeth, 25 Ogasiti Louis. Pa masiku amenewa tiziwerenga mbiri yawo ndi kupempherera atsogoleri athu powatchula maudindo awo, kuyambira nyakwawa mpaka mtsogoleri wa dziko, amene tinawavotera ndi amene sitinawavotere. Chachiwiri, mwezi wa Meyi uliwonse tizikumbukira pa Misa anthu anayi amene anafera ku Thambani, mabanja awo, ndiponso amene anatumidwa kukachita ntchitoyo, pakuti nawonso akufunika chifundo cha Mulungu. Chachitatu, komiti za Chilungamo ndi Mtendere m'parishi zathu zizikhala pansi ndi mafumu ndi makhansala, mwaulemu ndi mosabisa mawu, kukambirana madandaulo a anthu zinthu zisanafike poipa.

Inu mafumu athu ndi nonse amene muli pa maudindo, katundu amene mwasenza ndi wolemera, ndipo nthawi zambiri mumamusenza anthu akukunenani. Dziwani kuti Mpingo sukukusiyani nokha. Muli ndi abale kumwamba amene anaidziwa ntchito yanuyi, anayesedwa monga mmene inu mumayesedwera, ndipo anapirira. Apempheni akupempherereni musanakhale pabwalo, musanasaine kalata, musanagawe malo. Ifenso tikulonjeza kukupemphererani, ndi kukuuzani zoona.

 Ambuye akudalitseni nonse.